Sikelo ya pa Kamwendo

Ndimayeza soya pa Kamwendo.
Thumba likakwera pa ngowe, muvi umanjenjemera,
kenako umaima, n'kunena zoona.
Ine ndimangolemba: fifite, fote naini ndi theka,
mlimi ali maso pa cholembera changa
ngati ndicho chinamubera mvula ya Febuluwale.

A Kamphinda amafika dzuwa litakwera.
Injini isanazime, mawu awo alowa kale m'shedi:
"Iwe!"
Zaka zitatu ndili pampando uno,
dzina langa silinapondepo lilime lawo.
"Iwe, mutu wakowo unabwereketsa kwa ndani?
Kusukulu unkapitira phala?"
Amanena alimi akumva,
anyamata onyamula matumba atazyolika,
mayi wa zitumbuwa pampanda akunamizira kuwerenga chenji.
Ine n'kumati, "Pepani bwana,"
ngakhale tsiku lija tonse tinaona
matumba awiri osowawo akukwera galimoto lawo lomwe.

Lamlungu likamapendeka, m'mimba mumayamba kupota.
Foni ikalira usiku mtima umagunda kukhosi.
Ku Kochilira namwino anandimanga lamba pamkono,
anapopa, anayang'ana, anapopanso:
"Mayi, magazi akuthamanga. Muchepetse mchere."
Ndinafuna kumufunsa,
nanga mchere wovala tayi, wosunga makiyi a ofesi,
amauchepetsa bwanji?

Koma chinandithyola ndi tiyi.
Mwatitha wanga, wa Sitandade 2,
anatayira tiyi pa yunifolomu Lolemba m'mawa,
ndipo m'kamwa mwanga munatuluka munthu wina:
"Iwe! Mutu wakowo..."
Mwana anaima, manja kumbuyo, maso pa simenti,
monga ndimaimira ine.
"Pepani amayi."
Ndinakhala pansi pomwepo, pa tiyi wotayikayo.

Kuyambira tsikulo ndimatsika kabaza ndisanafike.
Wanjinga amadabwa, poti ndalipira mtunda wonse.
Pa mjigo wa kusukulu ndimasamba kumaso,
ndimachukucha m'kamwa, n'kulavulira m'ngalande,
kwatsalako ndimayenda wapansi, pang'onopang'ono,
mapiri a Mchinji akuda kutsogolo kwanga,
kuti pofika pakhomo ndikhale ndatsala ndekha
wopanda bwana m'mapapo.

Ndinagulanso kope la masamba makumi anayi.
Ndimalembamo tsiku, ola, mawu ake enieni, amene analipo.
Kaya ku ofesi ya zantchito kuboma adzaliwerenga, kaya ayi,
koma zimene zagona papepala
zimaleka kugona pachifuwa.
Mwana akagona ndimapachika tsiku lonse pa ngowe.
Lisiti ya a Nachisale ndinalakwitsadi:
katundu wanga ameneyo, makilo awiri, ndisenza.
"Chitsiru," "wopanda pake," "ndikuchotsa mawa":
matumba a eni ake awa,
anangowatula pakhomo panga.
Sindilemba lisiti ya katundu amene sindinagule.

Ntchito ndikuifunabe, musandimve molakwa.
Lendi sadikira, fizi sidziwa kuti munthu watukwanidwa.
Makalata atatu ndinatumiza kale, ku Lilongwe ndi kuboma,
onse ali chete ngati anagwera m'chitsime.

Lachinayi lapitali, "Iwe!" anabweranso.
Ndinaika cholembera pansi.
"Bwana, dzina langa ndi Felesiya."
Mawu ananjenjemera ngati muvi uja,
kenako anaima.
M'shedi munati zii, mpaka mpheta padenga zinamveka.
Iwo anaseka, kuseka kouma ngati makoko a soya,
nati tidzaonana pakutha pa mwezi.
Mwina tidzaonanadi. Usiku umenewo sindinagone,
koma sikunali kusagona kwa masiku onse.

M'mawa mwake Lufeyo, amene sayankhula kawirikawiri,
anabwera ndi thumba paphewa, thukuta lili kamukamu,
bwana ataima pakhomo, manja m'matumba.
Analipachika, napukuta nkhope,
nakweza mawu kuti afike mpaka kumsewu:
"A Felesiya, tayezani ili."

Ndinadikira muvi uime.
Fifite ndendende.
Ndinalemba, dzanja lili phee.